A Mawaya ndi Fyuzi Yabuluu

Kuseri kwa malo okonzera matayala, pamene msewu umakhota kupita kudepoti, pali shedi ya malata anayi ndi benchi ya miyendo yosiyana, umodzi wachitsulo, itatu yamatabwa. Pamenepo ndiye pantchito pa a Mawaya. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma linatsalira pachiphaso. Madalaivala onse amangoti a Mawaya, ndipo ngakhale akazi awo, amake mapasa, akapsa mtima amati, "Inu a Mawaya inu!"

Ntchito yawo ndi magetsi a galimoto basi. Injini sakhudza. Ukabwera ndi galimoto yotsokomola utsi amakulozera kwa amakanika kutsidya kwa msewu. Koma ikakhala kuti nyali yazima, hutala yasowa mawu, kapena mawaipa aima pakati pa galasi ngati munthu woiwala chimene amakatenga kuchipinda, apo ndiye pawo.

Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosadziwa kuthamanga. Pachala china chakumanzere ali ndi chipsera chozungulira. Chaka chimene anakwatira, akumasula batire, sipanala inakhudza mphete, mphete n'kukhudza chitsulo cha galimoto, ndipo asanafuule n'komwe inali itatentha ngati khala. Kuyambira pamenepo mphete imatsala kunyumba m'kapu yothyoka khutu. Wotchi savala. Akazi awo anadandaula chaka chimodzi chokha, kenako anazolowera.

Ukaima pafupi n'kumaona mmene amagwirira ntchito, utha kuloweza, chifukwa sasintha. Galimoto ikaima, moni amabwera pambuyo. Choyamba amatambasula dzanja.

"Zimitsani. Kiyi kuno."

Kiyi uja amalowa m'thumba la ovolosi. Ena amadandaula kuti, "Kodi mukuyesa ndithawa?" Iwo amati, "Simuthawa ayi, koma dzanja la dalaivala lili ndi nyerere. Ine zala zili m'mawaya, inu mwapotokola kale."

Kenako amatsegula kabokosi ka mafyuzi, kaya kali pansi pa chiwongolero kaya m'boneti, n'kutembenuza chivundikiro chake, pakuti kuseri kwake n'kumene kunalembedwa kuti iyi ndi ya nyali, iyi ya hutala, iyi ya wailesi. Sazula mafyuzi onse ngati akusosola nkhuku. Ali ndi tesita, kachitsulo kosongoka kokhala ndi kababu m'mimba ndi waya wopanira kuchitsulo cha galimoto. Amabweza kiyi iwo eni, n'kupotokola pang'ono osaliza injini, n'kumagunda timitu tiwiri tachitsulo timene timasuzumira pamsana pa fyuzi iliyonse. Kababu kakayaka uku ndi uku, fyuzi ili moyo. Kakayaka mbali imodzi yokha, yapsa. Apo amazimitsanso, kiyi m'thumba, n'kuizula ndi kopanira kapulasitiki. Sikuludiraiva sailowetsa mmenemo ngakhale utawagwadira.

Ndiye pali rile, kabokosi kakuda kaja kamene kamati "thi" ukaliza hutala. Imeneyo amaimva ndi chala, ngati namwino akumva kugunda kwa mtima padzanja. Ikakhala chete, kapena ikagunda koma moto osadutsa, amayamba achotsa waya wakuda wa batire, wa mainasi uja, n'kuisinthanitsa ndi inzake yofanana nambala ndi miyendo. Chakufa chikadzuka, ndiye kuti rile ndiyo inali ndi mlandu.

Koma lamulo lawo lalikulu ndi la nambala. Fyuzi iliyonse ili ndi nambala pamsana ndiponso mtundu wake: ya 10 ndi yofiira, ya 15 yabuluu, ya 20 yachikasu, ya 30 yobiriwira. Pamene pazulidwa 15 pabwerere 15. Lamuloli analiphunzira ali wachinyamata, tsiku limene anaona takisi ikupsa pakati pa msewu chifukwa mwini wake, atatopa ndi fyuzi yopsaipsa, anaikulunga m'kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Munthu uja anakhala pansi m'ngalande akuonerera mipando yake ikusungunuka. Mpaka lero a Mawaya akaona kapepala kotero m'kabokosi ka munthu, amakachotsa ndi zala ziwiri ngati mphemvu yakufa.

"Fyuzi ndi mlonda," amatero. "Imafa kuti galimoto ikhale moyo. Mukaika yaikulu, mwalemba mlonda wogona. Moto umadutsa pamphuno pake n'kukadya mawaya. Ndipo ikapsa kachiwiri musaipatsenso inzake. Funani chimene chikuzipha."

Mawu amenewa anawanena zaka makumi atatu, mpaka mnzawo wa matayala, amene onse amamutcha a Pampu, anawaloweza. Akaona galimoto ikukhotera kushedi amakuwa ali chigwirire tayala, "Konzekani ulaliki, bwana! Lero mutu wake ndi mlonda wogona!"

Tsono pali chinthu chimene a Mawaya sanauze munthu. Zaka ziwiri zapitazo maso awo anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankanyoza opanga mafyuzi kuti masiku ano akulemba timanambala ngati mazira a nsabwe. Anagula magalasi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, osathandiza. Anagula ena okhuthala, chimodzimodzi. Dziko lonse linkaoneka ngati akuliyang'ana kudzera m'botolo la mafuta ophikira. Manambala anatha kaye, kenako zolemba za pachivundikiro. Anatsala ndi mitundu, zala ndi mutu. Anakonza chitini cha zipinda zinayi, zofiira kwayekha, zabuluu kwayekha, n'kumapempha wogulitsa kuti aziwathiriramo yekha, amvekere manja anga ali ndi girisi.

Ankadziuza kuti mawa ndinena, mawa ndipita kuchipatala. Koma wamagetsi wosaona, ndani angamupatse galimoto? Pafupi ndi depoti panali patatsegulidwa kale malo a anyamata a makompyuta, ovala malaya oyera. Mbiri ikangomveka kuti a Mawaya maso atha, shedi ikhala ya akangaude. Mapasa awo anakula, aliyense ali pakhomo pake ndi mavuto ake. Chimene iwo anali nacho padziko ndi dzina limenelo, loti pa a Mawaya galimoto siipsa.

Tsiku lake linali Lachiwiri, mvula itagwa m'mamawa. Cha m'ma teni koloko kunafika mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa amake mapasa. Iyeyu amayendetsa minibasi yonyamula ana a sukulu ya mkaka, kuwatenga m'makomo m'mawa, kuwabweza masana. Ndi munthu wothamanga magazi, wolankhula akutsika, chitseko asanatseke.

"Alamu, ndipulumutseni! Nyali za mabuleki zafa. Wa lole wina watsala pang'ono kundilowa kumbuyo, wanditukwana mpaka agogo anga."

"Agogo anu anazolowera. Zimitsani. Kiyi kuno."

"Koma changu, alamu. Ana akuweruka thwelofu."

"Changu chinakwatira mlongo wanu? Ine ndinadikira zaka ziwiri."

A Mawaya anagwada pansi pa chiwongolero ndi tesita, n'kumagunda umodziumodzi mpaka anaipeza yoyaka mbali imodzi. Anaizula. Potsata lamulo lawo anazungulira kumbuyo kukafuna chimene chaipha. Atatsegula nyali yakumanzere anapeza madzi a mvula atadzaza mokhala babu. Anapukuta, anaumitsa, anamata mng'alu umene madzi analowera, mtima n'kukhala pansi kuti wakupha wapezeka.

Kenako anatenga fyuzi yakufa ija n'kuiimika padzuwa. Inaoneka yobiriwira. Anaitembenuza. Yobiriwirabe, ngati tsamba lofota.

Mumtima munabwera kafunso. Nyali za mabuleki, 30? Zaka zonsezi ankapezapo 10 kapena 15. Koma maminibasi awa amadutsa m'manja ambiri, wina amawonjezera nyali, wina amasintha mawaya. Mwina ndi mmene inabwerera. Mlamu wawo anali chiimire pomwepo, akugwedeza mwendo, maso ake akuthwa ngati a mphamba. Kungomuuza kuti, "Tawerengani apa." Mawu awiri okha. A Mawaya anawameza. Anapisa dzanja m'chipinda cha zobiriwira, n'kulowetsa.

"Pondani."

Mlamu anaponda mabuleki. Kumbuyo kunafiira.

"Ndinu dokotala, alamu! Mlongo wanga anasankha bwino, ngakhale pankhope anaphonya."

Anatenga kiyi wake n'kuuluka.

Itadutsa hafu leveni amake mapasa anafika ndi chakudya chamasana m'kontena yokulungidwa m'kansalu. Iwo ndi telala, amasoka pakhonde la nyumba yawo, ndipo ndi mayi wosachuluka mawu. Ali ndi chizolowezi choti akafika penapake manja sakhala chete. Anayamba kusesa benchi ndi dzanja, tizidutswa ta tepi, timawaya, kuti apeze poika kontena.

"Ndakumana ndi mlongo wanga pamphambano," anatero. "Akuti mwamukonzera."

"Kanthu kakang'ono. Ya 30 inapsa."

"Iti? Iyi?" Amake mapasa anatola fyuzi yakufa ija pabenchi.

"Yomweyo. Tayani."

Amake mapasa sanataye. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana chitini chimene chinali chitsegukire. Munthu wa ulusi salakwitsa mtundu.

"Bambo, iyi ndi yabuluu. Palembedwa 15."

A Mawaya anali akusamba m'manja m'kabeseni. Manja anaima m'madzi momwemo.

"Taonaninso."

"Ndaona kawiri. Wani ndi faifi."

Kunja a Pampu ankamenya tayala ndi nyundo, phi, phi, phi. A Mawaya anamva kumenya kuja ngati kukuchokera m'chifuwa mwawo. Maganizo anayamba kuwanyengerera. Mwina analidi madzi aja, ndipo aphwa. Ngati ndi choncho, yobiriwira ikhoza kukhalamo chaka osalakwa kanthu. Madzulo mlamu akamadutsa angomuimitsa, amvekere bweretsani ndionenso, n'kusintha mwakachetechete. Palibe angadziwe, kupatula mayi awa, ndipo awa sanena. Koma ngati sanali madzi? Ngati pali waya wosupuka penapake, wokhudza chitsulo nthawi iliyonse mlamu akaponda mabuleki? Yabuluu inadziwa, inafa. Yobiriwira ingoyang'ana. Ndipo pakati pa tsopano ndi madzulo pali ana khumi ndi anayi, ana a eni, okhala mothithikana ndi tizikwama tawo pamiyendo, osatha kutsegula chitseko okha.

Anatulutsa foni m'thumba ndi manja onyowa, n'kuwapatsa akazi awo.

"Muimbireni."

"Bwanji osaimba nokha?"

A Mawaya anati, motsitsa mawu ngati akuulula kuba, "Mayina sindikuwaona, amake mapasa. Manambala sindikuwaona. Papita nthawi."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Kuyambira tsiku lija munathira tiyi patebulo n'kunena kuti kapu ikudontha." Ankalankhula akufufuza dzina pafoni, osawayang'ana. "Ndimayembekeza kuti munene nokha. Inu munthu akakuuzani kuti mwadwala, mumachira ndi mkwiyo."

Foni inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Osayankha. Mlamu akamayendetsa amaiponya m'kabokosi ka kutsogolo, wailesi ili pamwamba.

"Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane thwelofu."

A Mawaya anatola sipanala yaing'ono, pulayala, tepi ndi waya wokulunga. Akazi awo anatapa mafyuzi atatu m'chitini n'kuwaika m'thumba lawo la pachifuwa, n'kumanga batani.

"Izi ndi zabuluu. Musasakanize ndi china."

A Mawaya anatuluka kupita kwa a Pampu, amene ali ndi njinga yamoto. Zaka zonsezi a Mawaya anali asanaikwerepo, ankaitcha bokosi la maliro la matayala awiri.

"A Pampu, lizani njinga. Kusukulu ya mkaka, kumtunda kuja."

"Iii, lero kugwa matalala! Abusa akwera bokosi? Mwaiwala chiyani, mutu wa ulaliki?"

"Ndaika 30 pa 15. M'minibasi ya ana."

A Pampu anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mnzawo anatseka. "Inuyo?"

"Ineyo. Sindikuona, achimwene. Lizani."

A Pampu anaponya nyundo pansi. Sananenenso nthabwala njira yonse, chinthu chimene sichinachitikepo. Anangoti, "Gwirani m'chiuno, osati m'khosi," pamene a Mawaya anawakanyanga ngati mwana pamsana. Anadutsa pakati pa magalimoto oima pamzere, m'matope, pafupi ndi mayi wina wonyamula mazira amene anawatumizira mawu osayenera kulembedwa. A Mawaya anatsinzina. Ankangonunkhiza mphepo, kuopa kumva fungo limene analidziwa kuyambira tsiku la takisi lija.

Sukuluyo ili pachitunda, geti lake lili potsetsereka. Minibasi inali itaima pomwepo, injini ikulira, mlamu ataponda mabuleki kuti isabwerere m'mbuyo. Nyali zakumbuyo zinali zofiira, koma yakumanja inkaphethira. Aphunzitsi, mayi wamtali wovala juzi, ankakweza ana mmodzimmodzi akuwatchula mayina. Asanu ndi atatu anali atalowa kale.

A Mawaya anatsika njinga isanaime bwino. Munthu wosadziwa kuthamanga uja anathamanga.

"Zimitsani! Kokani handibuleki, chotsani phazi! Kiyi kuno!"

"Alamu? Mwatani?"

"Kiyi! A Pampu, mwala kutayala. Amayi, tsitsani ana onse, apite uko kumpanda."

Aphunzitsi sanafunse. Mawu a munthu wamantha enieni amamveka. Anayamba kutsitsa ana, akuimba nawo kanyimbo kowerenga kuti asadzidzimuke. Kamtsikana kena kakutsika kanagwira mphuno n'kunena kuti, "Madamu, kumbuyo kukununkha pulasitiki."

A Mawaya anali atamva kale. Anakweza mpando, anamasula waya wakuda wa batire limene limakhala pansi pake, n'kuupinda kutali. Anazula fyuzi yobiriwira ija, yofunda ngati yatuluka m'kamwa. Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyamba kuyenda ndi zala motsata mawaya, pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa. Pamwamba, pamene mawaya amadutsa m'kapaipi ka labala kulowa m'chitseko, zala zinabwerera zokha. Panali potentha. Atasenda labala uja anapeza waya umodzi utasupuka chifukwa cha kutsegula ndi kutseka kwa zaka zambiri, khungu lake litasungunuka n'kumatirira kwa anzake awiri. Kansalu ka kudenga pafupi pake kanali katayamba kuda. Pansi pake ndi pampando wakumbuyo, pamene pamakhala ana aang'ono kwambiri.

Mlamu anasuzumira, n'kuyang'ana fyuzi imene inali m'dzanja la a Mawaya.

"Imeneyi ndi 30. Pachivundikiro palembedwa 15. Ndani anaika imeneyi?"

Panali pothawira. Akanatha kunena kuti wogulitsa anasakaniza m'chitini. A Pampu anali atayamba kale kutsegula pakamwa kuti awathandize bodza. Koma aphunzitsi anali pomwepo, ndi makolo awiri odzatenga ana awo, ndi mlonda wa pageti, onse akudikira.

"Ndine," anatero a Mawaya. "Ndinaiona yobiriwira. Maso anga anayamba kufa kalekale, ine n'kumabisa. Munali pambali panga, alamu, ndikanakufunsani. Ndinachita manyazi."

"Manyazi?" Mawu a mlamu anakwera mpaka kuthyoka. "Ana a eni, alamu! Mukanandipha ine ndekha bola. Ndikanawauza chiyani amayi awo? Kuti alamu anga anachita manyazi?"

A Mawaya anaima manja ali lende, ovolosi itadzaza matope a njinga. Mmodzi wa makolo aja anakoka mwana wake n'kumapita osatsanzika. Aphunzitsi ndi amene analowererapo.

"Bambo, mwabwera nokha, palibe anakuitanani. Tsono ikonzeka, kapena ndiimbire makolo?"

"Ikonzeka, amayi. Koma ndifuna maso a munthu."

Anagwira ntchito ija ndi zala, mlamu akuwauza mitundu mokalipa. "Umenewo ndi wofiira. Ayi, winawo!" Anadula popsa ponse, analumikiza waya watsopano wonenepa mofanana, anakulunga uliwonse pawokha, n'kubwezera labala. Kenako anamasula batani la pachifuwa, anatulutsa fyuzi imodzi, n'kuitambasulira mlamu wawo.

"Werengani."

"Fifitini."

"Pachivundikiro?"

"Fifitini."

Anailowetsa, anabwezera waya wa batire, n'kupereka kiyi. Mlamu anaponda mabuleki, kusiya, kupondanso, a Pampu akutsegula ndi kutseka chitseko chakumbuyo, a Mawaya chala chili pawaya kumva ngati ukufunda. Unali wozizira. Ana kumpanda kuja ankakuwa nthawi iliyonse nyali zikafiira, "Zayaka! Zazima! Zayaka!" ngati ndi masewera owakonzera iwo.

Mlamu anakweza ana n'kunyamuka osatsanzika.

Nkhani yotere siigona panjira. Pofika Lachisanu depoti yonse inali itamva, ndipo inali itakula: ena amati minibasi inayaka, ena amati a Mawaya saona ngakhale dzanja lawo. Madalaivala amene ankabwera zaka khumi anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Ena ankaliza hutala pang'ono, moni wa manyazi, n'kupitirira kwa anyamata a malaya oyera. Masiku ena shedi inkalandira galimoto imodzi, masiku ena mphepo yokha. A Mawaya ankafikabe seveni koloko, kusesa, kukhala pabenchi. Ankaonda. Amake mapasa anabweza ovolosi m'chiuno kawiri osanena kanthu.

Iwowa ndi amene anawaperekeza kuchipatala cha maso, atawagwira pachigongono ngati akungocheza. Adokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo imachotsedwa. Anawakalipira pang'ono chifukwa chochedwa, n'kuwapatsa tsiku, diso lamanja kaye, pakatha miyezi iwiri. Potuluka a Mawaya anafunsa akazi awo katatu ngati anamva bwino kuti imachotsedwa.

Mlamu anakhala milungu itatu osaponda pashedi. Tsiku lina anangotulukira, nkhope ili gwa, amvekere hutala yafa ndipo anyamata aja akuti asinthe mawaya onse. A Mawaya anaika chala pa rile, anamuuza kuti awerenge nambala yake ndi ya inzake, anasinthanitsa, hutala n'kulira. Mlamu anaima pang'ono akukanda m'mutu.

"Mlongo wanga akuti mukuonda."

"Akunama. Ndi ovolosi ikukula."

"Tsiku la opaleshoni ndidzakutengani ine. Musakwerenso bokosi la a Pampu, munkaoneka ngati thumba la makala."

Podikira tsikulo a Mawaya akugwirabe ntchito, kwa ochepa amene atsala. Koma tsopano galimoto ikaima, akalandira kiyi, amanena poyera asanakhudze kanthu: "Ine maso ndi ofooka. Zala ndi makutu zili bwino. Manambala muziwerenga ndinu, mokweza." Ena amabweza kiyi wawo n'kumapita. Ena amagwada nawo pansi pa chiwongolero, n'kutuluka akudziwa pamene pali kabokosi ka galimoto yawo, chimene sanachidziwe chigulire.

Dzana kunabwera mayi wina wa galimoto yaing'ono, wailesi itafa. Fyuzi itapezeka, foni yake inalira, n'kupita kuseri kukayankha, nkhani yake yosatha. A Mawaya anadikira, anatopa, n'kuitana mnzawo wa matayala.

"A Pampu! Tabwerani mundibwereke maso."

A Pampu anabwera akudzikoka, akupukuta manja pamimba. "Mwaona? Kale munkatilalikira, lero mukutipempha. Bweretsani kuno, agogo."

Anailandira fyuzi ija. Anaiyandikiza kumaso. Anaitalikitsa. Anatambasula dzanja lonse mpaka kumapeto, mutu ataubweza m'mbuyo ngati tambala, diso limodzi atatsinzina.

"Dzuwa likundithobwa," anatero.

"Muli mumthunzi."

"Ndiye alemba moipa. Iyi ndi 10 kapena 70?"

"Ya 70 yaing'ono chotere munaionapo kuti?"

A Pampu anaibweza msangamsanga ngati yawaotcha, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti mayi uja sanamve. A Mawaya anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, koyamba chichitikire zija.

"Ndiye munandikweza panjinga ndi maso amenewa?"

"Zakutali ndimaona bwinobwino! Ndi tizinthu tanu tating'onoti."

"Inenso ndinayamba choncho, achimwene." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kutsitsa mawu. "M'minibasi ya alamu malo alipo. Tidzapitire limodzi kuchipatala, akakuoneni. Palibe adzamve kwa ine."

A Pampu anang'ung'udza kuti matayala alibe manambala ang'onoang'ono, n'kubwerera kuntchito kwawo. Atafika pakati pa njira anatembenuka.

"Mwati ndi tsiku lanji?"